Aponye Ndani? Mkangano wa Makochi a Basketball ya pa Intaneti

Pa 20 November 2012, m'tauni yaing'ono ya Grinnell m'chigawo cha Iowa ku America, wophunzira wa pakoleji dzina lake Jack Taylor anaponya mpira kudengu ka 108 m'masewero amodzi. Mipira 52 inalowa, 56 inakana. Belu lomaliza likulira, n'kuti mnyamatayo atamwetsa yekha mapointi 138, ndipo Grinnell College inali itathibula Faith Baptist Bible College 179 kwa 104. Anzake tsikulo ntchito yawo inali imodzi: kulanda mpira n'kumufunafuna Taylor. Ena anaomba m'manja kuti aona chozizwitsa. Ena anapukusa mitu, amvekere uku n'kunyoza masewero a anthu asanu.

Grinnell imasewera mu Division III, gawo lotsikitsitsa pa mipikisano ya makoleji yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Ndi m'gawo lomweli momwe munthu amayambira akalowa mu Hoops Dynasty, masewero a pa intaneti a kampani ya WhatIfSports yomwe inabadwira ku Cincinnati. M'menemo munthu sagwira mpira, ndipo palibe batani lodumphitsa wosewera. Iye ndi kochi basi. Amasaka anyamata omaliza sekondale, amawagawira nthawi yokonzekera, amasankha kaseweredwe monga motion, flex, triangle kapena fastbreak, kenako n'kusiya zonse m'manja mwa kompyuta. Masewero amachitika pa nthawi yoikika, iye ali m'tulo kapena ali kuntchito, ndipo akamatsegula foni amapeza zatha kale: wapambana, kapena wakwapulidwa ndi munthu amene sanamuonepo nkhope. Akachita bwino kwa masizoni angapo amakwera kupita ku Division II, kenako Division I. Wosewera aliyense ali ndi manambala ake osonyeza liwiro, kuponya ali pansi pa dengu, kuponya ali patali, kupatsira, kusunga mpira, kutchinga ndi mpweya. Masewero ena a mtunduwu, monga BuzzerBeater ndi Basketball GM, ali ndi makonzedwe awoawo, koma funso lomwe limasowetsa tulo makochi ake ndi lomwelo.

Mu Hoops Dynasty funsolo lili poyera. Pafupi ndi dzina la wosewera aliyense pali kabokosi koti kochi alembemo nambala, yomwe eni ake amangoitcha distro. Nambalayo ikakula, mipira yambiri imathera m'manja mwa wosewerayo. Ikakhala 0, mnyamatayo ntchito yake ndi kuthamanga, kutchinga ndi kutola mipira yomwe yakana kulowa. Ku ntchemberembaye lamulo linaithetsa kale nkhaniyi: mwa osewera 7, awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya, ndipo Mwawi Kumwenda akakhala m'bwalo aliyense amadziwa komwe mpira ukupita. Ku basketball asanu onse ali ndi ufulu woponya. Kochi ndiye anene kuti ufuluwo augwiritse ntchito ndani, ndiponso kangati.

Apa ndiye makochi anapatukira.

Gulu loyamba sililankhula mozungulira. Likuti mpira ndi umodzi, ndipo timu imaugwira maulendo owerengeka m'mphindi 40 za masewero a pakoleji. Ulendo uliwonse womwe watha ndi kuponya kwa wosewera wofooka ndi ulendo wolandidwa kwa katswiri. Ngati kompyuta yakuonetsa kale kuti uyu ali ndi 90 pa kuponya patali pomwe mnzakeyo ali ndi 35, chifundo chikubwera cha chiyani? M'magawo otsika mfundoyi imakula mphamvu, chifukwa kumeneko kochi kawirikawiri amakhala ndi namandwa mmodzi kapena awiri, ena onse n'kukhala ongodzaza malo. Kugawa mpira mofanana pa timu yotere, akutero a gululi, n'kudzilanga wekha pofuna kuoneka wachilungamo kwa anthu amene kulibe.

Umboni wawo si wochepa. Mu 1988 University of Kansas inalowa m'chikho cha NCAA itagonja kale ka 11 sizoni imeneyo, ndipo oipatsa mwayi anali owerengeka. Koma inali ndi Danny Manning. Pa fainolo Manning anamwetsa 31 n'kutola mipira 18 pansi pa dengu, Kansas n'kugonjetsa Oklahoma 83 kwa 79. Mu 2008 koleji yaing'ono ya Davidson inadutsa Gonzaga, Georgetown ndi Wisconsin itakwera pamsana pa kamnyamata koonda kotchedwa Stephen Curry, komwe kanamwetsa 40, 30 ndi 33 m'masewero atatuwo. Mu NBA, sizoni ya 2000-01, Allen Iverson wa Philadelphia 76ers ankaponya kopitirira 25 pa masewero aliwonse, ndipo pa mipira 100 inkalowa 42 yokha. Manambala otere sakongola. Komabe anzake monga Eric Snow, George Lynch, Tyrone Hill ndi Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa anali anthu otchinga, osati ogoletsa. Iwo anatseka khomo, Iverson anasenza katundu wa mapointi, timu inapambana masewero 56 n'kufika mu fainolo. M'masewero oyamba a fainoloyo Iverson anamwetsa 48, ndipo kumeneko kunali kugonja kokhako kwa Los Angeles Lakers mu ndime yonse ya playoffs chaka chimenecho.

Akafuna kutseka pakamwa otsutsa, a gulu loyambali amatchula Michael Jordan. Zikho zonse 6 zomwe Chicago Bulls inatenga pakati pa 1991 ndi 1998 zinabwera m'zaka zomwe Jordan anali womwetsa mapointi ambiri mu ligi yonse. Shaquille O'Neal anachita zomwezo ndi Lakers mu 2000, ndipo Shai Gilgeous-Alexander anabwereza ndi Oklahoma City Thunder mu 2025.

Gulu lachiwiri limamvetsera zonsezi kenako n'kufunsa kuti: nanga pakati pa 2000 ndi 2025 panatani? Zaka zoposa 20 zinadutsa womwetsa kwambiri mu ligi asanakwezenso chikho. Kobe Bryant anamwetsa 81 pa masewero amodzi ndi Toronto mu January 2006, sizoni yonse n'kukhala pa 35.4, koma Lakers inatuluka mu ndime yoyamba. Russell Westbrook anachita zodabwitsa mu 2016-17, mpira wonse wa Oklahoma ukudutsa mwa iye, nayenso anatuluka mu ndime yoyamba. Ku makoleji, Pete Maravich wa Louisiana State University anamwetsa mapointi 3,667 m'zaka zitatu, avereji ya 44.2, kulibe mzere wa mapointi atatu. Chikho cha NCAA sanasewereko ngakhale kamodzi.

Koma mboni yawo yaikulu ndi Wilt Chamberlain, chifukwa mwa iye yekha muli mbali zonse ziwiri. Sizoni ya 1961-62 Chamberlain ankaponya pafupifupi ka 40 pa masewero, n'kumamwetsa 50.4. Pa 2 March 1962, ku Hershey m'chigawo cha Pennsylvania, anamwetsa 100 pokumana ndi New York Knicks. Mapeto ake timu yake ya Philadelphia Warriors inagwa m'manja mwa Boston Celtics pa masewero a chisanu ndi chiwiri. Patatha zaka zisanu, ali ku 76ers, kochi Alex Hannum anamunyengerera kuti achepetse kuponya. Chiphona chija chinatsika kufika pa kuponya ka 14, mapointi 24.1, koma pa mipira 100 inkalowa 68, ndipo chinayamba kugawira anzake. Timuyo inapambana masewero 68 n'kugonja 13 okha, inathyola ufumu wa Celtics womwe unali utatha zaka 8 zotsatizana, n'kutenga chikho cha 1967. Munthu yemweyo, mphamvu zomwezo, theka la mapointi, chikho m'manja.

Ngakhale Jordan amene, akutero a gulu lachiwirili, si mboni ya mbali imodzi. Sizoni yomwe anamwetsa kwambiri m'moyo wake, 37.1 mu 1986-87, Bulls inapambana 40 n'kugonja 42, ndipo Celtics inaisesa mu ndime yoyamba. Detroit Pistons ya kochi Chuck Daly inamuphunzira bwino: kumuthira anthu awiri kapena atatu, kumutopetsa, n'kuwasiya enawo aonetse ngati angathe. Chikho chinabwera makochi Phil Jackson ndi Tex Winter atamukhazika m'kaseweredwe ka triangle, momwe mpira umayenera kuyenda, ndipo kuponya kwake kunatsika kuchoka pa 28 kufika cha m'ma 22. Amatchulanso San Antonio Spurs ya 2014, yomwe womwetsa wake wamkulu, Tony Parker, sanafike pa mapointi 17, palibenso wosewera amene ankakwanitsa mphindi 30, koma inagonjetsa Miami Heat ya LeBron James 4 kwa 1. Mutu umodzi susenza denga, amatero, ndipo timu yodalira munthu mmodzi mdani saivutikira kuiwerenga.

Zitsanzo zokhazokha sizingathetse mkanganowu. Wina akatulutsa Manning, mnzake atulutsa Maravich, ndipo dzuwa lingalowe akuponyerana mayina. Chomwe chimatsegula maso ndi masamu ang'onoang'ono omwe mbali zonse ziwiri zimakonda kuwalumpha.

Tiyerekeze kuti katswiri wa timu akaponya ka 10 amalowetsa 6. Kochi waona, wakondwa, wamukwezera distro. Tsopano akuponya ka 20 ndipo akulowetsa 10. Papepala zikuoneka bwino ndithu: theka la mipira yake ikulowa, pomwe mnzake wapambali amalowetsa 45 pa 100. Kochi wopupuluma anena kuti 50 ndi wamkulu kuposa 45, choncho amuwonjezerenso katswiriyo. Koma tayang'anani mipira 10 yowonjezera ija payokha. Yoyamba 10 inabala 6. Yachiwiri 10 yabala 4 yokha. Ndiye kuti mipira yomwe analanda kwa mnzake wa 45 uja anakaipereka kwa munthu amene, pa mipira imeneyoyo, akulowetsa 40. Avereji ya katswiri ikubisa chilonda. Mipata yophweka amaitenga poyamba, ali yekha, miyendo ili yamphamvu. Yowonjezera ndi ija yokakamiza, dzanja la mdani lili kumaso, nthawi yoponyera ikutha.

Dean Oliver, m'buku lake la Basketball on Paper la 2004, anaonetsa zimenezi pojambula momwe phindu la wosewera limatsikira katundu akamamuchulukira, ndiponso kuti ena amatsika pang'onopang'ono pomwe ena amagwa chagada. Mu 2010 Brian Skinner, yemwe panthawiyo ankachita maphunziro apamwamba a physics ku University of Minnesota, anapita patsogolo m'pepala lotchedwa The Price of Anarchy in Basketball. Iye anayerekeza timu ndi misewu ya mumzinda. Dalaivala aliyense akasankha msewu wachidule, onse amathinana momwemo ndipo ulendo wa aliyense umatalika. Katswiri wa masamu wa ku Germany, Dietrich Braess, anaonetsa mu 1968 kuti nthawi zina kuwonjezera msewu kumachedwetsa magalimoto, ndipo mu 1990, mzinda wa New York utatseka 42nd Street pa Earth Day, magalimoto anayenda bwino kusiyana ndi momwe ambiri ankaopera. Katswiri wa timu ndi msewu wachidule uja. Kumupatsa mpira kumaoneka kwanzeru ulendo uliwonse paokha, koma kumupatsa maulendo onse kumamuthinitsa.

Chotuluka m'masamuwa n'chodabwitsa. Timu ikagawa bwino, katswiri amaonekabe ngati akumanidwa. Amakhala akulowetsa bwino kuposa anzake, ochemerera n'kumakuwa kuti apatsidwe mpira, chikhalirecho malire ake afika kale. Apa gulu loyamba limalakwitsa, ndipo limalakwitsa moona mtima, chifukwa manambala omwe likuwerenga ndi oona. Kungoti likufunsa kuti woponya bwino ndani, pomwe funso loyenera ndi lakuti mpira wotsatirawu upindula kwambiri m'manja mwa yani.

Gulu lachiwiri lisafulumire kuvina. Masamu omwewo amaliweruza nalonso, mwinanso mowawa. DeAndre Jordan wa Los Angeles Clippers anatha masizoni atatu otsatizana akulowetsa mipira yoposa 70 pa 100. Palibe kochi wanzeru amene anaganiza zomupatsa mpira ka 25, chifukwa mipira yake inali yomwe mnzake Chris Paul wamuponyera pamwamba pa dengu kapena yotola anzake akaphonya. Wosewera wotere ali ndi mipata inayi kapena isanu yabwino kwambiri, ikatha basi. Mu kompyuta msampha wake ndi womwewo. Kochi aona chimnyamata chake chachitali chikulowetsa 65 pa 100 pa distro yochepa, aganiza kuti wapeza golide wobisika, achikwezera, mawa lake apeza chaphonyaphonya ndi kutaya mipira. Katswiri ndi katswiri chifukwa amatsika pang'onopang'ono. Ndiye amene angasenze katundu wolemera phindu lake osagwa msanga, ndipo katundu amene wasenzayo ndi amene akuwapatsa anzake mipata yophweka.

Ngakhale matimu omwe amatamandidwa kuti ankagawana sankagawana mofanana. Chamberlain wa 1967 anali ndi oti awagawire: Hal Greer, Billy Cunningham ndi Chet Walker, onse atatu analowa mu Hall of Fame. Detroit Pistons ya 2004, yomwe inagonjetsa Lakers ya Shaquille ndi Kobe 4 kwa 1, inkadalira Richard Hamilton ndi Chauncey Billups pa mapointi, pomwe Ben Wallace, mtima wa timuyo, sankafika ngakhale pa 10. Palibe amene anamumvera chisoni Wallace. Ntchito yake inali ina, ndipo ankaigwira kuposa aliyense mu ligi.

Pali chinthu chimodzi chomwe mbali zonse ziwiri zimachiiwala zikamaponyerana zitsanzozi. Kochi wa Kansas ya Manning mu 1988 anali Larry Brown. Kochi wa 76ers ya Iverson mu 2001 anali Larry Brown. Kochi wa Pistons yogawana ija ya 2004 analinso Larry Brown, munthu yekhayo amene watengapo chikho cha NCAA ndi cha NBA ngati kochi wamkulu. Pamene anali ndi wogoletsa mmodzi anamusenzetsa zonse n'kumuzunguliza ndi otchinga. Pamene anali ndi anayi otha kugoletsa anawagawira. Sanabwere ndi chikhulupiriro chake n'kuchikakamiza pa osewera. Anayamba wayang'ana amene ali nawo.

Komabe kochi wa pa intaneti sangangokopera za m'bwalo lenileni, chifukwa zinthu zina kumeneko sizilowa mu kompyuta. Chifukwa chachikulu chomwe makochi enieni amagawira mpira ndi mitima ya anthu. Chimphona chomwe chathamanga kasanu kupita ndi kubwerera osaukhudza mpira chimayamba kuzizira, kutchinga kwake kumafooka, m'chipinda chosinthira zovala mumayamba manong'onong'o. Wosewera wopangidwa ndi manambala sapita kunyumba ali wokhumudwa chifukwa chosapatsidwa mpira. Mfundo imeneyi ikachoka, gulu lachiwiri limataya mwendo umodzi, ndipo kochi amene amapatsa distro wosewera wosatha kuponya pongofuna kuti aliyense alaweko akuwononga mapointi popanda chomwe akugula.

Koma zina zimalowa, ndipo zimaluma. Mpweya ndi nambala, ndipo katswiri akatopa amapita pabenchi. Ku makoleji mafaulo asanu amamutulutsa munthu. Nambala ya distro imalemera poyerekeza ndi anayi amene wosewerayo ali nawo m'bwalo nthawi imeneyo, choncho kochi amene waunjika zonse pa munthu mmodzi, osaganizira za mphindi zomwe munthuyo adzakhale pansi, amasiya timu yake m'manja mwa anyamata amene iye mwini anawauza kuti asaponye. Masewero ambiri amaluzika m'mphindi zisanu ndi zitatu zimenezo, osati m'mphindi 32 zomwe katswiri anali m'bwalo. Kochi wochenjera amasunga wogoletsa mmodzi pabenchi, kapena amakonza zosinthana kuti awiri ake abwino asapume nthawi imodzi.

Ndiye pali mdani, yemwe si kompyuta koma munthu wamaso. Amatsegula manambala a timu yako, amaona kuti mapointi ako akuchokera kwa ndani, n'kumuika wotchinga wake wabwino kwambiri kapena kumuthira anthu awiri. A gulu lachiwiri amati apa ndiye pathera nkhani. Koma zomwe zinachitika pa 25 November 2008 zimapereka phunziro losiyana. Kochi Jimmy Patsos wa Loyola ya ku Maryland anaganiza zomumaka Curry ndi anthu awiri masewero onse, ali ndi mpira kapena alibe. Curry anangopita kukaima pakona, omulondera awiri aja n'kumutsatira. Anzake anayi anatsala akusewera ndi atatu. Curry anaponya katatu kokha, sanamwetse pointi ngakhale imodzi, ndipo Davidson inapambana 78 kwa 48. Kumaka katswiri ndi anthu awiri kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi womakayo, pokhapokha ngati anzake a katswiriyo sangathe kulowetsa mpira ali okha. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, Kansas inamutsekera Curry yemweyo pa mpira womaliza, iye anapatsira Jason Richards, Richards anaphonya, Davidson n'kutuluka 59 kwa 57. Wogoletsa wachiwiri ndi wachitatu ndiwo amapangitsa kuti woyamba akhale woopsa.

Mapointi nawonso si mipira yolowa yokha. Woponya patali amene walowetsa 4 pa 10 wabweretsa mapointi 12, chimodzimodzi ndi wa pansi pa dengu amene walowetsa 6 pa 10. Wina amakoka mafaulo n'kukamwetsa pa mzere, koma ngati pamzerepo ndi wophonya, mdani amangomuchita faulo mwadala monga ankachitira ndi Shaquille. Wina amaponya bwino koma manja ake ndi oterera, ndipo mpira uliwonse wotayika ndi ulendo wopanda kanthu womwe suoneka pa nambala ya kuponya. Kochi wongoyang'ana mzere umodzi wa manambala amasankha munthu wolakwika ali ndi chikhulupiriro chonse.

Tchimo lofala kwambiri, lomwe mbali zonse ziwiri zimagweramo, ndi kusintha distro chifukwa cha usiku umodzi. Wosewera amene mphamvu zake zenizeni ndi kulowetsa theka la mipira, akaponya ka 10, pafupifupi kamodzi pa masewero 6 aliwonse adzalowetsa 3 kapena kucheperapo. Sanadwale, sanamakidwe, kompyuta sikumuda. Ndi mwayi chabe, monga ndalama yachitsulo imagwera mbali imodzi kangapo motsatizana. Kochi amene wadzuka m'mawa, waona 3 pa 10, n'kumudula mnyamatayo pakati, akuthamangitsa mphepo. Mawa lake wina alowetsa 7 pa 9 ndipo amukweza, sabata ikamatha timu yasokonekera popanda chifukwa. Kusintha kwanzeru kumadikira masewero angapo, kumayenda pang'onopang'ono, ndipo kumayang'ana mapointi a timu yonse pa ulendo uliwonse, osati a munthu mmodzi. Kusintha koyenera kuchitika tsiku ndi tsiku ndi kwa mtundu wina: lero mdani akutchinga malo, ndiye oponya patali apatsidweko zambiri, mawa mdani ali ndi wamtali wofooka, ndiye mpira ulowe pansi pa dengu.

Poyeza zonsezi, sikelo ikupendekera ku gulu loyamba, koma osafika komwe ilo likufuna. Mu masewero opanda mitima yoti isweke, kugawa mofanana kulibe pothawira. Mapointi ambiri achoke kwa awiri kapena atatu, wabwino kwambiri atenge gawo lalikulu, ndipo amene analembedwa kuti atchinge asiyidwe atchinge. Koma gawo lalikulu si zonse. Kochi aime pomwe mpira wowonjezera wa katswiri wasiya kuposa mpira wotsatira wa mnzake, ndipo malirewo amafika msanga kuposa momwe avereji imanenera. Pa timu yosauka malirewo ali kutali, monga zinalili ndi Iverson. Pa timu yolemera ali pafupi, monga zinalili ndi Chamberlain wa 1967.

Chomwe chikhalabe chovuta ndi mpira womaliza, ndipo pamenepa makochi a mbali ziwirizi amakanganirana chitsanzo chimodzi. Pa masewero a chisanu ndi chimodzi a fainolo ya 1993 ku Phoenix, Bulls inauma m'chigawo chomaliza: mpira womaliza usanaponyedwe inali ndi mapointi 9 okha, onse a Jordan. Kutatsala masekondi owerengeka, Phoenix Suns ikutsogola 98 kwa 96, bwalo lonse linkadziwa amene aponye. Jordan anabwera nawo mpira, anaupereka, unafika kwa Scottie Pippen, Pippen anapatsira Horace Grant pansi pa dengu, ndipo Grant anautulutsira kunja kwa John Paxson, yemwe sizoni imeneyo sankafika pa mapointi 5 pa masewero. Panalibe womumaka, chifukwa maso onse a Phoenix anali atathamangira kwa akuluakulu aja. Paxson analowetsa ya mapointi atatu kutatsala masekondi 3.9, Bulls n'kutenga chikho chachitatu motsatizana, 99 kwa 98. A gulu loyamba amati popanda mapointi 9 a Jordan sipakanakhala mpira woti Paxson aponye. A gulu lachiwiri amati Jordan akanaumirira, akanaponya anthu atamuunjikira. Kwa kochi wa Hoops Dynasty nkhaniyi imafika pa kabokosi ka mnyamata wa pabenchi amene sadziwa china koma kuponya patali: amulembere 0, kapena amusiyire 2 kapena 3 kuti tsiku lomwe katswiri watsekeredwa kompyuta ikhale ndi kwina koponyera mpira.